Kukafuna Mpweya ku Zobue

Tinanyamuka ku Moatize Lachiwiri m'mawa, dzuwa likutuluka. Kwathu kuno limatuluka lofiira ngati diso lodwala, ndipo umatha kuliyang'ana osaphethira. Kumsana ndinali ndi Selita, mdzukulu wanga wa zaka zinayi, mwana wa Marita wanga amene amagulitsa nyemba pamsika. Mwana wa zaka zinayi saberekedwa, ndikudziwa. Koma Selita akangoyenda kuchoka pakhomo kufika pamsewu, chifuwa chimayamba kulira ngati kamwana ka mphaka.

Amene anandiyambitsa ulendowu ndi namwino wa kuchipatala. Mwezi umodzi tinapitako katatu, mwana kumuveka chigoba chotulutsa nthunzi kumaso mpaka apume. Ulendo wachitatuwo mayi uja anandikokera pambali.

"Vovo, agogo anga, mankhwala ndikupatsani, koma matenda a mwanayu ali mumpweya. Fumbi la malasha limene mumasesa pakhonde lija, lambiri limathera m'mphuno. Lilipo lina laling'ono, losaoneka ndi maso. Limenelo ndiye limatsika mpaka pansi pa chifuwa. Mulibe abale kumapiri?"

Ndinati alipo. Mng'ono wanga Zeliya ali ku Zobue, kumene tonse tinabadwira. Ine ndinachokako nkhondo itangotha, titabwerera kuchokera kothawa ku Malawi, kutsatira malemu amuna anga amene anapeza ntchito panjanji. Tsono tinapangana ndi Marita kuti ndikamusiye Selita kwa Zeliya mpaka chifuwa chikhwime. Marita analira, koma ndi yemwe anamanga kathumba ka zovala.

Pokwerera shapa, timinibasi tathu tija, wotolera ndalama anali bambo wamimba, thukuta kale m'mawa womwewo. Anati mametikali zana ndi makumi asanu.

"Uyunso alipira, ndi wamkulu uyu."

"Tamunyamulani kaye," ndinatero. "Tambala ali pamiyendo pa bambo awa akumuposa. Iye walipira?"

Anthu anaseka, wotolera ndalamayo anandikankhira mkati. Anatikhazika anayi pampando wa atatu, ine pawindo losatsekeka bwino.

Potuluka m'tauni tinadutsa milu ya mgodi, mapiri akuda amene kunalibe pamene ndinkabwera. Galimoto yothira madzi inkanyowetsa msewu wolowera kumaofesi, wokhawo basi. Kuseri kwake amayi ena anali atayanika ufa, atauphimba ndi nsalu ngati maliro. Ifenso timatero. Ukauyanika poyera, pofika masana umakhala wa mtundu wa phulusa, ndipo umamveka tsekeretsekere m'mano. Sitima ya malasha inatiperekeza kanthawi, mabogi osavindikira, mphepo ikuwaseta pamwamba n'kumatigawira.

Pamphambano ya ku Cateme panatsika mayi wina wa ku Bagamoyo, mmodzi wa aja anasamutsidwa kuti pakumbidwe malasha. Ndinamufunsa kuti kumudzi watsopanowo kuli bwanji.

"Mpweya ulipo wabwino, mayi," anatero akutwika dengu. "Koma mpweya sulimika."

Dzuwa litakwera tinafika pa Kapiridzanje, kukutentha koopsa. Woyendetsa anaima kuti athire madzi m'injini. Kumwamba kunali kotuwa ngati madzi otsukira mpunga, mtambo ayi, kuyera ayi. Ndinadandaula mokweza kuti mwezi wa khumi ukutha popanda ndi kamtambo komwe. Amene anandiyankha ndi mwini tambala uja. Anali mphunzitsi wopuma, wa magalasi omangidwa ndi ulusi.

"Mukudziwa, mayi, dontho lililonse la mvula limayambira pa kafumbi? Chinyezi chikakwera kumwamba chimafuna pogwira. Popanda kafumbi palibe mtambo."

"Aphunzitsi, zikanakhala choncho bwenzi ku Moatize tikuyenda pa bwato."

Shapa yonse inaseka, iyenso anaseka. Kenaka anati vuto ndi kuchuluka. Tifumbi tikachuluka, chinyezi chomwecho chimagawikana, kadontho kalikonse n'kukhala kakang'ono, kopanda mphamvu yogwera pansi. Mtambo umangoyandama mpaka kumwazika. Utsi nawo umatchinga dzuwa, nthaka osatentha mokwanira kukankhira chinyezi kumwamba.

"Si chokhacho chimene chasokoneza mvula," anatero, "koma chikuthandizira."

Ndinati ndamva. Ndi zija za pamaliro, ndiwo mphika umodzi, mbale zana, aliyense kubwerera ndi njala.

Pa Musakama tinafika dzuwa lili pamutu. Pamenepo ndi pamphambano ya ku Angonia, mbatatesi ndi kabichi mulu mulu. Ndinagula mbatatesi yokazinga ya mametikali makumi awiri ndi nthochi zitatu. Selita anadya theka, chimene sanachite sabata yonse, ndipo mtima wanga unayamba kukhala pansi. Aphunzitsi anatsikira pomwepo ndi tambala wawo.

Kuchoka apo msewu umayamba kukwera. Titakhota pena, ndinaona kutsogolo mapiri a kwathu, ndipo pamwamba pake patakhala chinthu chakuda bii, cholemera, chotsika mpaka m'khosi mwa phiri. Ife obadwira kumeneko timadziwa. Phiri likavala chipewa chotero kumapeto kwa chilimwe, amayi ankatiuza kuti titulutse mbewu kudenga, masiku atatu sapita. Ndinaiwala kuti ndili pakati pa anthu. Ndinaluluta.

"Selita, dzuka! Taona mvula ya kwathu!"

Woyendetsa anandiyang'ana pakalilole. "Mayi, mwachokako liti kuno?"

"Ndinabadwira pansi pa phiri limenelo, mwana iwe. Usandiphunzitse mitambo."

"Ndi utsi umenewo. Ena akutentha tchire kusaka mbewa, ena akuwotcha makala. Miyezi iwiri tsopano phirilo sitinalione nsonga."

Ndinakangana naye. Ndinati utsi umayenda, mtambo umakhala. Ndinakanganabe mpaka fungo linalowera pawindo langa losatsekeka lija. Selita anatsokomola kamodzi, kawiri. Palibe anaseka. Bola akanaseka.

Ku Zobue tinatsika dzuwa litapendeka. Malole opita ku Malawi anali pamzere kuyambira pachipata cha malire mpaka kumsika, ambiri injini zikulira, oyendetsa atagona pansi pake pamthunzi. Anyamata osintha ndalama anatithamangira, ataona kapulana yanga, chitenje chothaitha, anabwerera okha. Zeliya anali akudikira pa sitolo ya mwenye wina. Tinakumbatirana, tinalira pang'ono, iye n'kulanda mwana kumubereka.

"Mana, achemwali anga, kamwanaka n'kopepuka bwanji!"

"N'chifukwa chake ndabwera."

Kwawo ndi ulendo wa ola lathunthu wapansi, chokwera. Njira imeneyo ndinkaiyenda ndili mtsikana, mumthunzi wa masuku ndi mitondo, m'mawa mame akukunyowetsa mpaka m'chiuno. Tsopano ndi zitsa zokhazokha, nthaka yakuda ndi moto, phulusa likuuluka ngati agulugufe. Ndinamuvindikira Selita kumaso ndi mpango wonyowa. Zeliya anayenda chozolika njira yonse, ndipo ndinadziwa chifukwa chake titafika.

Kuseri kwa nyumba yake, pamene panali nkhokwe ya amayi, panali mulu wautali wa dothi ngati manda a chimphona, ukufuka m'mabowo. Alamu anga a Ferenando, amuna a Zeliya, anali pamwamba pake ndi fosholo, akutseka ming'alu. Anatsika, anapukuta manja, tinapatsana moni wonse, kufunsana za ku Moatize ndi za odwala. Moni utatha ndinaloza.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Ndi munda wathu umenewu, alamu. Chimanga chinapserera zaka ziwiri zotsatana. Mukufuna tidye chiyani?"

"Nanga makalawo mumagulitsa kuti?"

"Kwanu komwe. Malole amatenga kupita ku Moatize ndi ku Tete. Mwina mumaphikira anga omwewa."

N'zoona. Timakhala pamwamba pa malasha, koma timaphikira makala a ku Zobue.

Dzuwa likulowa mphepo inaleka, utsi wa mauvuni onse a m'mudzimo unatsika n'kukhala pabwalo. Selita anali akusewera ndi timiyala. Ndinangomva kamphaka kaja kayamba. Mapewa anayamba kukwera ndi kutsika, pakhosi pakulowa mkati, milomo ikuda. Ndinamupopera mkamwa kabomba, kampope ka mankhwala kamene anatipatsa namwino, kawiri, kudikira, kawirinso. Ndinamukhazika tsonga pamiyendo panga ndikumuwerengera mpweya ngati ndikuwerenga nkhuku madzulo. Zeliya anagwada pambali.

"Mana, musandimve molakwa. Kodi Marita sanamusemphe mwanayu? Kutsokomola kotereku, akuluakulu ankati..."

"Zeliya, tayang'ana maso ako momwe afiirira. Iwenso anakusempha ndani?"

Patapita nthawi chifuwa chinamasuka, mwana anapempha madzi.

M'mawa ndinawapeza alamu pa uvuni. Ndinawapempha mwaulemu, ndi manja awiri, kuti uwu ukapsa asayatsenso wina pafupi ndi nyumba.

"Ndingausunthe, alamu. Nanga a Zakariya oyandikana nafe apo? Nanga kuseri uko? Mudzi wonse ukuwotcha. Mvula ikangogwa tisiya tonse, tipita kumunda, utsi wonsewu utsukika. Mwanayo adzapuma bwino, ndikulumbira."

"Igwa liti?"

Anayang'ana kumwamba. Ine ndinayang'ananso. Kunalibe choti n'kuona.

Ndinafunsa Zeliya za chipatala. Anati chilipo kumsika, ola lija lapansi, koma za makina a nthunzi sanamvepo. Ndinakhala pamwala n'kuyeza. Ku Moatize fumbi ndi la chaka chonse, koma chigoba chija chili pafupi, ndikathamanga ndimafika. Kuno utsi ndi wa miyezi, koma mwana akabanika ngati dzulo, pa ola lija angathere panjira, pamsana pa Zeliya. Ndinamanganso kathumba.

Zeliya analira. Anati anthu adzati anakana mwana wa m'bale wake. Ndinati uwauze kuti ndine ndinakana. Anatiperekeza mpaka kumsewu, alamu akutsatira pambuyo ndi njinga. Mlendo sabwerera chimanjamanja kwathu, ndipo m'nyumbamo munalibe nkhuku, munalibe ufa woti n'kutapa. Panjingapo anamangapo thumba la makala.

"Ndi a mtondo awa, alamu," anatero osandiyang'ana. "Sathetheka."

Ndinafuna kukana. Pakamwa panatseguka ndithu. Koma kunyumba anali atatsala ophikira masiku awiri, ndipo Selita amafunika phala lotentha m'mawa uliwonse. Ndinawomba m'manja, ndinathokoza. Wa shapa anandilipiritsa mametikali makumi asanu a thumbalo, ndipo ulendo uno sindinakangane.

Tinalowa mu Moatize madzulo, kumgodi atangophulitsa, chimtambo chachikasu chikubwera cha kumsika. Marita anatiwona tikutsika. Anayang'ana mwana, anayang'ana thumba, anayang'ana ine.

"Amayi, mwabwera naye?"

"Ndabwera naye."

Ndinakulira kudziwa kuti madzi akaipa umakatunga kwina, nthaka ikatopa umasamuka. Mpweya ndinkayesa kuti uli ngati zimenezo, kuti kwinakwake ulipo wosungidwa, wongofuna ndalama ya shapa. Ndinapita mpaka kumene ndinabadwira, sindinaupeze. Tsopano Selita amagona chokhala, atatsamira pa ine, nsapato zanga zili pakhomo zoyang'ana kuchipatala, ndipo phala lake ndimaphikira makala a alamu.