Kanjerwa kachikasu m'mphuno mwanga

Ndinali ndi zaka zisanu pamene bambo anga anabwerako komaliza ku migodi ya ku Joni. Kwathu ndi ku Biriwiri, kumapiri kuja kumene mphepo ya mwezi wa Juni imaluma makutu, ndipo masiku amenewo munthu akatsika basi ndi sutikesi yachitsulo, mudzi wonse unkasiya makasu. Bambo anabwera ndi bulangete la amayi, wailesi, chifuwa chosatha, ndi kabokosi ka tinjerwa tapulasitiki: tofiira, tachikasu, tobiriwira, tokhala ndi timitu pamwamba toti ukakanikiza kena pa kanzake timagwirana. Ife zidole zathu zinali ng'ombe zadothi ndi galimoto zamawaya. Zoterezi tinali tisanazionepo.

Bokosilo analipereka kwa mkulu wanga Fanuwelo, amene anali atayamba kale kugona ku gowelo, kanyumba ka anyamata kuseri kwa khola. Ine ndinali ndikugonabe kwa amayi.

"Izi zizikhala ku gowelo," anatero bambo, akuloza nambala ina pakona pa bokosilo. "Opanga alemba apa kuti mwana wosakwana zaka zisanu ndi chimodzi asagwire. Iwe Yotamu, udikire chaka chamawa."

Mtima wapachala sindinauyambe dzulo. Ndinatola ng'ombe yanga yadothi n'kuiphwanyira pakhoma, anthu obwera kudzalonjera ali pomwepo pamphasa.

"Mumakonda Fanuwelo! Bwererani ku Joni kwanuko!"

Amayi anandikoka khutu. Koma azakhali anga aNangozo, mlongo wawo wa bambo, anangoseka akufwenkha fodya wawo.

"Alongo, mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemereni, imufotere yekha."

"Iyi si nyanga ya nsatsi," anayankha bambo, n'kutsokomola. Nkhani inathera pomwepo.

Kwa ine siinathe. Tsiku lina akuluakulu ali kumunda kukumba mbatatesi ya kachewere, Fanuwelo ali kusukulu, ndinalowa ku gowelo. Munali mdima ndi fungo la utsi wakale. Bokosi linali pansi pa mphasa yopindidwa. Ndinakhuthulira tinjerwa pansi n'kuyamba kumanga khola, ndipo kunena zoona sindinasangalalepo chotero pa ubwana wanga wonse. Ndili mkati momanga ndinamva chifuwa cha bambo chikubwera. Ndinakokolola zonse n'kubwezera m'bokosi, koma kamodzi, kozungulira, kachikasu, kakang'ono ngati njere ya chimanga, kanatsalira m'manja. Kabudula wanga analibe matumba. M'kamwa simukanatheka, chifukwa akanandifunsa kanthu. Ndiye ndinakalowetsa m'mphuno.

"Ukutani muno?" anafunsa bambo ali pakhomo.

"Ndikufuna nkhuku ya amayi."

Anandiyang'ana pang'ono n'kupita. Atachoka ndinapisa chala kuti ndikatulutse, koma m'malo motuluka kanakwera.

Ndinakhala chete masiku angapo. Ndinkaopa chikwapu, komanso sindinkafuna kuti aliyense anene kuti bambo ananena zoona. Mphuno yakumanja inatsekeka, inatupa, kenako inayamba kutulutsa mamina onunkha. M'mawa wina amayi akundisukusula anabweza nkhope.

"Mwanayu akununkha ngati khoswe wofera kudenga! Iwe, waika chiyani m'menemu?"

Ndinaulula ndikulira. Amayi anakuwa, ndipo posakhalitsa pabwalo panadzaza azimayi ndi ana. ANangozo anamasula kabotolo ka fodya kunsonga ya chitenje chawo.

"Musataye mtima. Akangoyetsemula kamodzi katulukira uko. Mgwireni mutu."

Kwathu fodya wofwenkha ankamuyesa mankhwala a chilichonse cha m'mphuno. Chimene sanaganize n'chakuti munthu asanayetsemule amayamba wakokera mpweya mkati. Ndinakoka, kanjerwa kanalowa kwambiri. Ndinayetsemula mpaka magazi, misozi ili chuchuchu, mphuno ikulira ngati kherere. Anzanga amene ndinkaumba nawo ng'ombe ankagubuduka ndi phwete. Akuluakulu okha anasiya kuseka, chifukwa anaona kuti ndayamba kupuma movutika.

Bambo anafika kuchokera kumunda, dothi lili m'miyendo. Sanakalipe. Anatulutsa njinga, anamangirira thumba pakaliyala, n'kundikhazika.

"Puma ndi kukamwa. Usakoke mamina."

Kuchoka kumudzi kwathu kukafika kuchipatala cha paboma pali zitunda zoti ngakhale mnyamata wamphamvu amatsika n'kumakankha. Bambo ankakankha, ine ndili pakaliyala ngati thumba la kachewere. Akakwera pang'ono ankaima, n'kutsamira chiwongolero, n'kutsokomola mpaka mitsempha ya pakhosi kuima. Ndinkaona malaya awo atamatirira kumsana ndi thukuta kunja kukuzizira. Munthu yemweyo ndinamuuza pamaso pa alendo kuti abwerere ku Joni. Manyazi amene ndinamva pamsewu umenewo sanandichokebe.

Kuchipatala namwino ananditsekera pakati pa mawondo a bambo, n'kulowetsa kachitsulo kopanira. Kanjerwa kanagwera m'mbale yachitsulo kuti ngwe! Namwinoyo anati kakanatsetserekera kukhosi n'kulowa m'njira ya mpweya, bwenzi tikukamba zina. Bambo anakatola, anakatsuka pampopi, n'kukakulunga m'kansalu kawo kopukutira thukuta.

Pobwerera ndinkayembekezera chikwapu. Sichinabwere. Tinapumula m'mbali mwa msewu, ndipo anayankhula akuyang'ana kumapiri, osati kwa ine.

"Ine ku Joni ndinapita zaka zisanakwane. Tili pamzere anzanga anati wonjezera zaka, ndipo olemba anthu ntchito atandifunsa, ndinawonjezeradi. Anzanga anandiombera m'manja, amvekere ndiwe wochenjera. Fumbi lapansi lija linapeza chifuwa chikadali chanthete." Anadzigogoda pachifuwa. "Ukuchimva? Munthu akakufunsa zaka, sikuti akudana nawe."

Tsikulo sindinamve zonse. Amayi ndi amene ankandibwerezera mawuwa nditakula, makamaka bambo atamwalira ndi chifuwa chomwecho, ine ndili ku sekondale. Kumudzi anandipatsa dzina loti Kanjerwa. Mpaka lero, imvi zili mbuu, ndikafika pamaliro pamapezeka nkhalamba yonena kuti, "A Kanjerwa afika, bisani mikanda."

Munthu woti anadutsa m'zimenezi mungaganize kuti anaphunzira. Ayi ndithu.

Mwezi wathawu mwana wanga womaliza, Tadala, wa zaka khumi ndi zitatu, anapeza tinjerwa tomweti pa sitolo ina ya pa intaneti. Ndinali nditamulonjeza mphatso akakhoza mayeso, ndipo anakhoza. Ndinamupatsa foni kuti asankhe yekha. Patapita kanthawi anabwera nkhope ili yakugwa.

"Ababa, akukana. Ndalemba chaka chimene ndinabadwa, ndiye akuti wosakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu sangagule yekha. Akuti agule kholo."

Magazi anandikwera kumutu. Ndinali nditatopa, ndipo zodinadina pafoni zimanditopetsa kuposa khasu.

"Anthu amenewa ndi amisala? Chidole cha ana, koma mwana asagule! Bwerera, usinthe chakacho. Wonjezera zaka. Akuona ndani?"

Tadala anandiyang'ana.

"Ndiname, ababa?"

Ndisanayankhe anatembenuzira foni kwa ine. "Onaninso apa." Pansi pa chithunzi cha bokosi panali kankhope ka khanda kodulidwa ndi mzere wofiira, ndi chenjezo loti muli tizidutswa ting'onoting'ono totha kutsamwitsa mwana. Ndinatsitsa maso. Pansi, pafupi ndi mapazi anga, mdzukulu wanga Mphatso, amene wangoyamba kumene kukwawa, anali akutafuna chitsekerero cha botolo chimene anatola kaya kuti.

Ndinamulanda chitsekererocho, iye n'kulira. Mawu amene anzawo a bambo anawauza pamzere wolembetsa ntchito, oti wonjezera zaka, anali atatuluka pakamwa panga, kupita kwa mwana wanga.

Ndinatenga foni, ndinalemba dzina langa ndi chaka changa, Tadala akundilozera podina. Bokosi litafika ndinaika lamulo: limakhala pamwamba pa kabati, ndipo limatsika pokhapokha Mphatso ali kumbuyo kwa amake. Akamaliza kumanga, Tadala amasesa pansi pa tebulo.

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti phunziro la tsiku lija linali loti mwana azimvera. Tsopano ndaona kuti linali la wamkulu. Mwana kulirira chinthu ndi ntchito yake, ndipo ine ndinaigwira bwino. Ntchito ya wamkulu ndi kuima pakhomo n'kukana, ngakhale atukwanidwe pamaso pa alendo, osati kumusonyeza mwana pobowoka mpanda. Bambo anga, amene sukulu anailekera panjira, anakhulupirira kanambala ka pakona pa bokosi. Ine wa ku sekondale ndinauza mwana kuti aname.

Dzana Tadala anandifunsa chifukwa chimene ndimatolera msanga tachikasu tija akamasewera. Ndinamuuza kuti akapita kumudzi akafunse dzina la bambo ake.