Tsiku Lomwe Kompyuta Inafufuta Phiri

Anthu ena ndikawafotokozera nkhaniyi amati ndikuthira mchere, koma ine ndikuti zinandichitikira ndithu, ndipo wokayika apite kugombe kupitirira Nkope akafunse amayi oyanika usipa, akamuuza za tsiku lomwe kandege kanagwera pakati pa mathandala awo. Maina sinditchula, poti ena mwa anthuwo tikupatsanabe moni tikakumana pamsika.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pakampani ina pa boma pa Mangochi, yotumiza mankhwala kuzipatala zakumidzi pa tindege topanda munthu, tomwe ambiri amangoti droni. Ineyo ntchito yanga inali kukonza njira pakompyuta n'kukaulutsa. Mwina mumaganiza kuti kandegeko kamaona kokha komwe kakupita? Ayi, kali ndi kamera yoti ine ndiziona kutsogolo, koma pakokha n'kakhungu. Usanakaulutse umajambula njira, kenako kompyuta imafunsa webusaiti ina yakunja kuti pamalo aliwonse m'njiramo nthaka ndi yokwera bwanji, kuti kadziwe pomwe pali phiri ndi pomwe pali dambo. Tsono eni webusaitiyo anatiikira malire, akuti patsiku muzifunsa mwakutimwakuti, mukapyola pamenepo amakutsekerani mpaka mawa. Tonse tinkadziwa, abwana omwe, koma poti sitinkafikapo pamalirepo, ndani ankalabadira?

Chinali chaka chomwe nyanja inasefukira mpaka kulowa m'mipanda ya anthu. Tsikulo mnzanga wa mu ofesi anakhalira kukonza njira zoti akajambulire malo ena ogona alendo ku Nkopola, ntchito yapambali yomwe abwana anavomereza okha. Ankajambula njira, osaikonda, n'kufufuta, n'kuyambanso, kufuna kuti dziwe losambiramo lioneke bwino kuchokera m'mwamba. Ine ndinkangomuseka kuti wasanduka wojambula maukwati, osadziwa kuti kuyambanso kulikonse kukudya gawo la mafunso athu a tsikulo ku webusaiti ija.

Dzuwa litapendeka foni inalira. Anali anamwino a pachipatala china chaching'ono kuseri kwa phiri, chakumtunda kwa Nkope, mayi wachikulire wosachedwa kuchita mantha, koma tsikulo mawu awo ankanjenjemera mpaka kusakaniza ndi Chiyao. Anati mayi wina wangobereka kumene ndipo akutaya magazi osaleka, mankhwala oletsa magazi anawathera, ambulansi siingafike poti madzi adula msewu. Anatinso bwalo lomwe timatera masiku onse lamira, ndiye ndipeze pena potera. Pena potera ndiye kuti njira yatsopano, ndipo njira yatsopano ndiye kuti kufunsa webusaiti ija.

Nditajambula njirayo panatuluka timawu tofiira toti malire athu a tsikulo atha. Koma chomwe chinandiimitsa tsitsi si timawuto ayi. Kompyuta sinakane njirayo, inangoijambula yosalala ngati bwalo la mpira, phiri lonse lija, lomwe ndimalizungulira paminibasi ndikamapita kwa azakhali anga, litafufutika. Ndikanangodina osayang'anitsitsa, kandege kakanapita kukadzimenyetsa pathanthwe ndi mankhwala omwe.

Ndinaimbira abwana, omwe anali kumsonkhano ku Lilongwe. Anandiuza kuti lamulo n'lachidziwikire, popanda kudziwa kukwera kwa nthaka sitiulutsa, kandege kakagwa kampani ilandidwa chilolezo, choncho ndidikire webusaitiyo itsegule mawa. Ndinawafunsa ngati magazi a munthu amadziwa mawa. Anayankha kuti ndisawalankhule choncho, ndipo ndikaulutsa ndidziwe kuti ndili ndekha. Ndinawauza kuti chabwino bwana, ndamva, n'kudula foni. Kunena zoona ndinakwiya kwambiri, mantha ndinalibe. Manthawo anabwera pambuyo.

Ndinaganiza kuti madzi alibe chitunda, safuna webusaiti kuti indiuze. Ndiye ndinasiya njira yachidule ya paphiri, n'kujambula yaitali yotsata Shire mpaka panyanja, kenako pamwamba pa madzi okhaokha mpaka kugombe la kufupi ndi chipatalacho. Ndinauza anamwino kuti atumize anthu akadikire kumchenga. Mnzanga uja anandithandiza kumanga kabokosi ka mankhwala pakandege.

Kandege kanauluka bwino mpaka kupitirira Nkopola, pomwe kanakumana ndi mpoto. Mphepo imeneyi nyengo ya mvula siseka ndi munthu, inkakankha kandege chakumbuyo, batire n'kumatsika ndikuona. Ndinakatsitsa pafupi ndi madzi kuti kasalimbane kwambiri ndi mphepo, n'kumadziuza kuti pamadzi palibe chogunda. Abale anga, ndinaiwala kuti nyanja inasuntha. Pomwe mapu ankaonetsa mchenga panali madzi, ndipo m'madzimo munaima migwalangwa yomwe kale inali kumtunda, mitu yake yokha ili pamwamba. Ndinangoona masamba adzaza chithunzi chonse. Ndinakakweza mwamphamvu ndikufuula, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kanakhudza nsonga kapena ayi, koma kukwera kumeneko kunamaliza batire. Chithunzi chinagwedezeka, chinaonetsa mchenga, kenako mdima.

Ndinatenga foni. Kodi munayamba mwakhalapo ndi foni m'manja, mukuopa kuimba komanso mukuopa kuti ilira? Mumtima ndinkaona kabokosi kakumira, mayi uja akuzizira pabedi, ndipo ndinkamva kale mawu a abwana oti ndinakuuza. Ndinapemphera mapemphero osalongosoka, nditakhala pansi pasimenti.

Foni italira sindinamve mawu poyamba, ndinamva phokoso la amayi okhaokha. Kenako anamwino anati kandege kagwa patali pang'ono ndi pomwe tinapangana, pakati pa mathandala a usipa, phiko lathyoka, koma amayi oyanika nsomba atola kabokosi n'kuthamanga nako mopatsirana mpaka pakhomo pa chipatala. Anamwinowo ankangobwereza kuti Alhamdulillah, n'kudula foni kuti akabaye jakisoni. Chakumadzulo anaimbanso kundiuza kuti magazi aleka ndipo mayiyo wapempha phala. Pamenepo mpomwe ndinalira.

Abwana atabwera anandiitanitsa n'kunena kuti ndivomere pamaso pa anzanga kuti ndinalakwa, nkhani ithere pomwepo. Ndinawauza kuti phiko ndathyoladi, lamulo ndaphwanyadi, koma kupepesa sindipepesa, pokhapokha ayambe iwo kufotokoza chifukwa chomwe gawo la odwala linathera pa dziwe losambiramo alendo. Ntchito inandithera tsiku lomwelo. Ndinatuluka mutu uli m'mwamba, ngakhale kuti miyezi yotsatirayo inandiwawa, poti kunyada sikugula ufa.

Lero sindikwiyira eni webusaitiyo, chinthu n'chawo, ndipo chitsime chikamatungidwa ndi dziko lonse mwini amaika malire. Sindinenanso kuti malamulo ndi achabe, chifukwa migwalangwa ija inandionetsa kuti ndinatsala pang'ono kutaya zonse. Chomwe ndimakhulupirira n'chakuti amene wapatsidwa chinthu cha mulingo ayambe wapatulira odwala, zosangalatsa zidye zotsala. Tsono inu achinyamata amene mukuphunzira kuulutsa tindegeti, sungiranitu m'kompyuta kukwera kwa malo onse omwe mungadzafune tsiku la tsoka, funsani m'mawa kuti gawo lanu latsala lotani, ndipo mukaona njira yosalala pomwe maso anu akudziwa phiri, musadine. Za ine musandimvere chisoni. Mayi wobereka uja ndinakumana naye pamsika pa boma, mwana ali kumbuyo akudya chigumu, ndipo foni ija ikanati ilirenso lero, ndikanaulutsanso.