Boti Pamatope

Linali Lachinayi. Phwando lotsanzikana linali mawa lake. Mbuzi inali itamangidwa kale kuseri kwa shedi, ndipo ine ndinkatsuka zida m'beseni la petulo.

Ndinali kumpoto kwa Mozambiki, m'tauni ina ya m'mbali mwa nyanja yamchere. Bungwe la asodzi linanditumiza kukaphunzira kukonza injini za maboti. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma iwo anati akufuna manja, osati Chingerezi. Chiswahili ndinali nacho chochepa, chotola padoko pano pa Nkhata Bay kwa amalonda a ku Mbamba Bay. Chinandikwanira.

Aphunzitsi athu tinkangowatchula kuti a Mestre. Lamulo lawo linali lakuti injini imodzi, anthu awiri. Wina amasule, wina amange. Ine anandipatsa Abdala, mnyamata wa m'tauni momwemo. Iye ankayankhula kwambiri, ine ayi. Tinkagwirizana. Panalinso Baraka wa ku Tanzania, amene ndinkagona naye chipinda chimodzi.

Nyanja ya kumeneko si ngati yathu. Madzi amachoka n'kupita kutali, kusiya matope. Kenako amabwerera okha. N'chifukwa chake maboti amawamangirira pa mitengo yozikidwa kutali, kumene madzi saphwa. Anandiuza kambirimbiri, koma mutu wanga unkakana kuzigwira. Abdala ankanditchula kuti wa madzi ogona.

Aliyense ankapaka utoto pa zida zake kuti zisasokonekere. Wanga unali wofiira, wa Abdala wobiriwira. Mwambo wa pasukulupo unali wakuti pomaliza maphunziro, awiri a injini imodzi amasinthana sipanala ya teni. Ndiyo imene makaniko amaigwira kwambiri, ndiyonso imasowa msanga. Tinayenera kusinthana Lachisanu, pamaso pa onse. Abdala sanathe kudikira. M'mawa wa Lachinayi anatenga yanga n'kuponya yake m'thumba la ovololo yanga.

"Mawa manja anga adzakhala ali mafuta a mbuzi okhaokha," anatero. "Usakaiponye m'dziwe lakwanulo."

M'mawa womwewo a Mestre anandituma kukayesa injini yathu ya mayeso pa boti la sukulu. Ndinamasula ndine, anamanga ndi Abdala. Inayenda bwino. Pobwerera ndinamangirira boti pafupi ndi shedi, monga timachitira kwathu kugombe la Chikale. Madzi anali odzaza.

Patapita maola angapo kunamveka phokoso, ndipo tinkayesa laphulika ndi tayala la lole. Kenako linachuluka. A Mestre anavula magalasi, kuwapinda, n'kuwaika m'thumba.

Kwa miyezi tinkamva za anthu amfuti amene ankawotcha midzi ya kutchire. Onse ankati m'tauni sangalowe. Tsiku limenelo utsi unakwera kumbali ya msika.

Anthu anayamba kudutsa kunja kwa mpanda. Mayi wina ananyamula poto, chipande chikadali momwemo. Bambo wina ankakankha njinga yopanda tcheni. Dalaivala amene ankatibweretsera mafuta anafika wapansi. Anati msewu watsekedwa mbali zonse.

Inatsala nyanja. Baraka ananyamula thanki ya petulo. Tinatsetsereka.

Boti linali litagona cham'mbali pamatope. Madzi anali kutali, akuwala ngati lata latsopano. A Mestre anagwira chingwe n'kuyang'ana mfundo yake. Mfundoyo inali yanga, yakwathu kuno. Baraka anandiyang'ana, kenako anayang'ana pansi.

Maboti a kumitengo anali akuchoka kale. Anthu ankawathamangira, madzi ali m'khosi. Limodzi linadzaza mpaka linamira pomwepo, lisanayende. Mitu ina inatuluka, ina ayi.

Tinayesa kukankha lathu. Miyendo inalowa mpaka m'mawondo. Nsapato zanga zinatsalira momwemo. Boti silinasunthe.

A Mestre anati tidikire madzi. Tinagona kuseri kwa boti, mbali yoyang'ana kunyanja. Amayi ena ndi ana anabwera kudzagona nafe. Palibe anawaitana, palibe anawathamangitsa. Tinkhanu tating'ono tinkalowa ndi kutuluka m'mauna mwake. Kamodzi kanayenda padzanja langa. Ndinakasiya.

Abdala anadzuka. Kwawo kunali kuseri kwa mzikiti, ndipo mayi ake anali ndi mwendo wodwala. Anatenga nkhafi, anayenda pang'ono cha kunyanja, n'kuizika m'matope.

"Madzi akakhudza nkhafi iyi, ine ndili pano ndi mayi," anatero. "Mbuzi ija musadye nokha."

A Mestre anamugwira ovololo. Abdala anapulumuka. Anathamanga chowerama, matope akumwazika. Sipanala yofiira inkaonekera m'thumba lake lakumbuyo. Sitinagwirane chanza.

Dzuwa linali pamutu. Mwana wina ankapempha madzi akumwa. Mayi ake anamuphimba kukamwa ndi nsalu.

Madzi anabwera opanda mafunde. Anayamba ndi kudzaza mapazi amene Abdala anasiya pozika nkhafi. Kenako anakhudza nkhafiyo. Ndinayang'ana kumtunda. Kunali utsi ndi galu mmodzi.

Madzi anafika pa ife. Anali ofunda. Boti linagwedezeka, kenako linaima lokha. Baraka anayamba kukweza ana. Amayi anakwera, a Mestre anakwera. Ine ndinatsala pansi nditagwira chingwe.

Mfuti zinamveka pafupi, cha kumene amagulitsira nsomba. Kuseri kwa shedi mbuzi inkalira. Kenako inasiya.

"Liza injini," anatero a Mestre.

Ndinati tidikire pang'ono.

Madzi anali m'chiuno. Anthu atatu amfuti anatulukira pakhomo la shedi. Mmodzi anavala ovololo ya sukulu yathu pamwamba pa zovala zake. Sanali Abdala. Chipolopolo chinagwera m'madzi pafupi ndi ine, ngati mwala waung'ono. China chinaboola thabwa la boti. Mayi mmodzi anandiyankhula m'chinenero chawo. Sanakweze mawu. Sindinamve zimene ananena.

Baraka anawerama n'kutsegula zala zanga chimodzichimodzi. Anandikokera m'boti.

Ndinakoka chingwe cha injini. Inalira nthawi yomweyo. Abdala anali ataimanga bwino.

Nkhafi inatsala chiimire. Ndinaiyang'ana mpaka kunangotsala nsonga yake.

Tinalowera kumwera, kutsata gombe chapatali. Pabowo la chipolopolo a Mestre anatsekapo ndi chinsanza cha girisi. Ludzu litandigwira ndinatunga madzi ndi dzanja, monga ndinkachitira kuyambira ndili mwana. Anali amchere. Ndinalavula. Palibe anaseka.

Tinafika ku Pemba mawa lake. Linali Lachisanu. Padoko panali anthu ambiri okhala pansi, ena atafika ndi maboti ena. Ndinayendayenda pakati pawo kuyang'ana nkhope. Masiku otsatira ndinkabweranso boti lililonse likamafika.

Satifiketi panalibe. Zinatsala mu ofesi ya sukulu. A Mestre anatiimika ine ndi Baraka pafupi ndi mpopi wamadzi, anavala magalasi awo, n'kutigwira chanza. Anati takhoza. Za mfundo ija sanatchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Baraka anapeza galimoto yolowera kwawo. Asanakwere anavula masilipasi ake n'kuwasiya patsogolo panga. Ndinati nanga iwe. Anati kwawo n'kufupi. Anakwera wopanda nsapato, ndipo galimoto inanyamuka.

Ine ndinakwera lole ya simenti mpaka ku Lichinga, kenako ina mpaka ku Metangula. Nditaona nyanja yathu ndinatsika kukamwa. Boti la asodzi linandiwolotsera ku Likoma. Kumeneko ndinadikira sitima ya Ilala.

Tinaima padoko la Nkhata Bay m'mawa. Fungo la usipa linali lomwe lija. Onyamula katundu ankakankhana pamlatho. Mmodzi anandigwira mkono.

"Ada, katundu ali kuti?"

Ndinati palibe. Anandisiya n'kuthamangira wina.

Ama, mayi anga, anali pamsika, pamalo pawo pomwe paja, akugulitsa chinangwa. Anandiyang'ana nkhope, kenako mapazi. Ananena m'Chitonga kuti masilipasiwo si anga. Ndinavomera. Anasuntha dengu kuti ndikhale pathumba, n'kundipatsa madzi m'kapu yawo. Madzi ena anatayikira pachinangwa.

Baraka ali moyo. Ali ndi galaja kwawo, ndipo nthawi zina amaimba foni. Timafunsana za mitengo ya mapulagi. A Mestre anamwalira ndi matenda ku Pemba, kunyumba kwa mwana wawo. Za Abdala ndi mayi ake ndinafunsa kwa aliyense amene ndikanatha. Palibe anawaona amoyo, palibe anawaona akufa.

Sipanala yake ndili nayo. Utoto wobiriwira watsala pang'ono pakati. Ndimagwiritsa ntchito, koma sindibwereketsa.

Inu ana a mlongo wanga mumandiseka. Mumati malume amamangirira boti ku Chikale m'mawa, masana amasiya ntchito kukaliyang'ana ngati kuti lithawa. Ndimapitadi. Ndimaima pamchenga pang'ono, kenako ndimabwerera kuntchito.

Madzi amakhala pomwe ndinawasiya.