Tipatseni Wamoyo

Apolisi anabwera Lachiwiri m'mawa, chaka chimene zionetsero zinaletsedwa chija. Ndinali pakhonde kwathu ku Kawale, ndikupukuta nsapato zopitira kusukulu. "Aphunzitsi, tiyeni mukatithandize pang'ono," anatero wapolisi. Pang'ono pakepo panadya mwezi.

Mlandu unali nkhani yakalekale ya ku Girisi imene ndinamasulira m'Chichewa. Anthu awiri akutsutsana: kodi lamulo loipa ndi lamulobe? Nanga wolakwira mnzake ndi wolakwiridwa, watsoka ndani? Nkhaniyo imati watsoka ndi wolakwirayo. Ndinkaiwerenga mokweza Loweruka masana pakhonde la telala wina wachikulire wa ku Mangochi, anthu atadzaza. Atelalawo ankangoseka akupalasa makina. "Aphunzitsi, Mgiriki wanuyo sanamenyedwepo."

Kupolisi funso linali limodzi: analemba ndani? Ndinavomera kuti womasulira ndine. Za mlembi ndinanena zoona, kuti akatswiri sagwirizana, ena amati ndi wanzeru wotchuka wa kumeneko, ena amati ndi wophunzira wake wongotsanzira. Uchitsiru wanga! Ndinkafotokoza ngati ndili m'kalasi.

"Pepala lopanda mwini kulibe," anatero wofunsayo. "Wakufa sitingamutsekere. Wakutumani ndani? Tipatseni wamoyo."

Zimene zinatsatira sindilemba. Khutu langa lamanzere silimvanso.

M'mawa wina wapolisi anatsegula chitseko cha chitolokosi. "Tulukani, mwini wake wabwera yekha." Pakauntala panaima atelala aja, atavala chikofia chawo choyera. Anali atanena kuti mawu onsewo ndi awo, ine ankangondiuza zolemba. Ndinakuwa kuti ndi bodza, koma apolisi anali atapeza wamoyo wawo. "Muli ndi ana aang'ono, pitani," anandiuza nkhalambayo osandiyang'ana. Apolisi anandikankhira panja. Dzuwa linandithobwa m'maso, ndipo ufulu umenewo sunandikomere mpaka lero.

Atelalawo anatuluka mvula itatha, zala zakumanja zitapindika moti singano sakanathanso kuigwira. Ndinakawapeza ku Chinsapo, kwa mwana wawo wamkazi, atakhala pamkeka. Manyazi anandigwira, ndinalira ngati mwana. Kenako ndinafunsa zachabe:

"Abambo, ndiye kuti Mgiriki uja munamuvomereza?"

Anayang'ana dzanja lawo, naseka pang'ono.

"Ayi ndithu. Kulakwiridwa kumapweteka, aphunzitsi, musamanamize ana. Kungoti kukusiyani mmenemo kukanandipweteka koposa."