Bondo la Amalume ndi Dimba Lawo

Chipumireni pa ntchito ya ulonda, amalume anga amadzitcha katswiri wa dimba. Kuzizira kukangotha, amafesa mbewu kuseri kwa nyumba, ati bondo lawo lawauza kuti mvula ili pafupi. Koma nyengo ya masiku ano simvera bondo la munthu. Lero dzuwa loswa mtengo, mawa matalala, mbande zonse n'kupserera.

Zimene zimakondwa m'dimbamo ndi zitsamba zongomera zokha. Amalume amazizula akutukwana, n'kuziunjika pakhomo la khitchini. Akazi awo amasankhamo masamba anthete, n'kukazinga ndi anyezi.

Dzulo amalume ananyambita zala, n'kundifunsa monyada, "Wazimva kukoma ndiwo za m'dimba mwanga?"

"Pitirizani kuzula, bambo," anatero akazi awo. "Kudzala kokha ndiye kunakukanani."