Chikhadabo chomwe chinandilepheretsa kukumba mtedza

Vuto langa linayamba mu Febuluwale, mvula ili pakati. Ndinkapalira mtedza kuno ku Mlolo nditavala jombo zobwereka, zomwe zinkandithina pang'ono. Tsiku lina pozivula ndinamva kubaya pachala chachikulu cha phazi lamanja, ngati mwalowa minga. Nditayang'ana, minga munalibe. Ngodya ya chikhadabo ndi imene inali itayamba kulowa m'mnofu. Ndinatenga lezala n'kuidula mozama, monga ndinkachitira chiyambire utsikana wanga, ndipo ndinaiwalako.

Mwezi usanathe chala chinatupa, chikutentha, mafinya akutuluka m'mbali. Pambali pa chikhadabo panatumphuka kanyama kofiira kamene kankachucha magazi kakangokhudzidwa ndi udzu. Ndinaviika phazi m'madzi amchere, ndinamangapo masamba amene aneba anandipatsa, koma palibe chinasintha. Nsapato ndinazisiya. Ngakhale patapata ankandipweteka.

Chimene chinkandiwawa kuposa chalacho ndi chakuti palibe ankachitenga ngati matenda. Ndine mayi wamasiye, ndimakhala ndi amayi anga okalamba, amene anafika kuno wapansi kuchokera ku Mozambiki pothawa nkhondo. Nditawaonetsa chalacho anangoti, "Ife tinayenda m'tchire mapazi akuchucha magazi, iwe uli kumsana. Lero ukulirira chikhadabo?" Anzanga akutchalitchi nawonso ankandiseka kuti ndikuthawa khasu. Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anandisunga pakhomo mpaka Epulo.

Ndinapita kukiliniki yakwathu mwanabere atatuluka, thupi likutentha. Anesi atamasula nsanza ndinamangayo anapukusa mutu. "Amayi, mwachedwa nacho. Ichi n'chofunika kudula, ndipo kuno sitingathe." Anatsuka bala, anandipatsa mapiritsi, n'kunditumiza kuchipatala chachikulu.

Kuchokera kwathu, galimoto sipezeka tsiku lililonse. Achimwene anga anandikweza panjinga mpaka pamsewu waukulu, phazi ndalitambasula kuti lisagunde sipoko. Kuchipatala ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Aliyense wodutsa ndinkamuyang'ana mapazi, kuopa kuti andiponda. Nditalowa, adokotala anayang'ana chala, anandifunsa ngati ndimamva ludzu kawirikawiri ndi kukodza pafupipafupi, kenako ananditumiza kukayezetsa magazi. Zotsatira zitabwera anati ndili ndi matenda a shuga.

"Lero sitidula," anatero. "Shuga ndi wokwera, chala chili ndi mafinya. Tikachita changu bala silipola, ndipo mukhoza kutaya chala chonse."

Ndinatuluka ndikulira ndi mkwiyo. Ndinapita kuti andichotsere kachikhadabo, ndinabwerera ndi nthenda yatsopano, mapiritsi amitundu iwiri, malamulo a zakudya, ndi chala chomwecho chikundiwawabe. Kumudzi anthu anali atayamba kukumba mtedza. Wanga unali m'nthaka, ine nditakhala pamphasa phazi ndalisanjika pampando. Mvula yomaliza itagwa, wina unayamba kumera m'nthaka momwemo, wina mbewa zinadya. Amayi, ndi msana wawo wopindika, anapita okha ndi kakhasu n'kukumba mizere ingapo. Kuwaona akubwera madzulo atatopa choncho kunkandidya mtima.

Ulendo wachiwiri, shuga anali asanatsike mokwanira, ndipo anandibwezanso. Ulendo wachitatu zonse zinali bwino, ndinali nditakhala kale pakhomo la chipinda cha opaleshoni, pamene anabweretsa mayi wapakati ali pangozi. Onse anathamangira kwa iye. Sindikanadandaula, moyo wa anthu awiri suyerekezedwa ndi chala, komabe ndinabwerera kunyumba mtima uli wakuda bii. Panjira ndinauza achimwene kuti sindidzapitakonso, chalacho chiwole ngati chikufuna. Iwo anaimitsa njinga n'kunena kuti, "Chikawola, adzakunyamula ndani? Ineyo? Sabata yamawa tikubwereranso."

Anandichita opaleshoni mu Juni. Sanandigoneke tulo. Anapaka chala mankhwala abulawuni, n'kundibaya jakisoni mbali zonse ziwiri za chala. Jakisoniyo ndiye anawawa kwambiri, ndinaluma chitenje. Pambuyo pake chala chinachita dzanzi ngati si changa. Anamanga kalabala patsinde pa chala kuti magazi asatuluke ambiri. Ndinkangomva kukoka, osamva ululu. Anadula mbali ya chikhadabo imene inalowa m'mnofu, kuchokera kunsonga mpaka kumuzu, anachotsa kanyama kotumphuka kaja, n'kuwononga muzu wa mbali imeneyo kuti isadzamerenso. Kenako anandionetsa chimene anachotsa. Kanali kanthu kopyapyala ngati khoko la njere ya dzungu. Ntchito yonse inatha msanga kuposa nthawi imene ndinkadikira pabenchi, ndipo ndinabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Kuchira nako sikunali kwachangu. Dzanzi litatha chala chinkagunda ngati mtima. Anandiuza kuti phazi lizikhala m'mwamba, bandeji lisanyowe, lisalowe fumbi. Kumudzi kwathu mu Juni fumbi lili paliponse. Ndinkavala sokosi yaikulu pamwamba pa bandeji popita kukiliniki kukatsukitsa bala. Chifukwa cha shuga, bala limene ena amati limapola msanga linanditengera mpaka kumapeto kwa Ogasiti. Nthawi yonseyi madzi ankanditungira ndi ena, nkhuni ndi ena, ndipo ine wozolowera kudzichitira ndinatopa ndi kunena zikomo.

Lero ndikuyenda bwino. Chikhadabo chinatsala chopapatiza, sichikongola, koma sichindibayanso. Mapiritsi a shuga ndimamwa tsiku lililonse, ndipo mwezi uliwonse ndimakayezetsa. Zikhadabo ndimawenga mowongoka, osalowetsa lezala m'ngodya, monga anandiphunzitsira anesi. Jombo ndinagula zanga zokwana bwino. Mtedza wa chaka chimenecho sunakwane ngakhale mbewu, moti ndinachita kupempha kwa abale.

Inu amene chala chatupa, chikutentha kapena chikutuluka mafinya, musadikire kuti chikule kuti anthu akukhulupirireni. Musachikumbe ndi lezala. Pitani kukiliniki chikadali chofiira chabe, ndipo akakuuzani kuti muyezetse shuga, yezetsani. Okusekaniwo sadzakukumbirani mtedza wanu.