Mgodi pansi pa mtengo wa mapeyala

Ine sindikhulupirira munthu, ndipo si matenda ayi. Ndinabwera ku Mzuzu kuchokera kummwera ndili mtsikana, kutsatira amuna anga amene ankagulitsa nsalu mumsika, ndipo kuyambira nthawi imeneyo ndaona anthu ambiri akukupatsa moni kwinaku maso akuyeza khonde lako. Amuna angawo anatisiya kale. Anandisiyira nyumba ku Chibavi ndi mtengo wa mapeyala umene anabzala kuseri, kufupi ndi malire. Mtengo umenewu ndi umene ndinatsala pang'ono kulandidwa ndili maso.

Malire a ine ndi aneba anga a kumtunda ndi mpanda wa nkhadze. Odziwa nkhadze akudziwa kuti siivuta: ukathyola nthambi ndi kuizika m'dothi lonyowa, yamera basi. Tsono kuno mvula imagwa mmene yafunira, dothi silichedwa kufewa, ndiye mpanda wathu unaphunzira kuyenda. Dzinja lililonse unkasendera kwanga pang'ono. Anebawo ndi bambo wopuma pantchito, waulemu kwambiri, wosaphonya mapemphero.

"Monire adada," ndinatero tsiku lina, powapatsa moni wa kuno. "Kodi mpandawu uli paulendo wopita kuti?"

"Yewo amama. Nkhadze ndi chamoyo, imakula."

"Imakulira kwa ine kokha?"

"Ikutsata dzuwa, amama."

Mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga wamkazi, atapeza ntchito m'tauni ndi kubwera kudzakhala nane, ndinati basi nkhadze yafika pamapeto a ulendo wake. Mtsikanayu ndi loya. Ndinamupatsa chipinda chabwino, ndinadikira kuti apume, kenako ndinamutengera kuseri kukamuonetsa mpanda. Anauyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira mwana wa eni ake akulira.

"Agogo, izi ndi za malamulo a malo. Ine panopa ndikuphunzira digiri yachiwiri, ya malamulo a migodi."

"Migodi siikhala pamalo?"

"Imakhala pansi pake. Zapamwamba zili ndi akatswiri ake."

Anandifotokozera kuti sukulu ikafika pamene wafika iyepo, munthu amasankha kanjira kamodzi. Alipo a malamulo a ndege, a zombo za m'nyanja zikuluzikulu, a misonkho, a mankhwala, ngakhale a nyimbo. Ndinamufunsa kuti munthu akaba nkhuku ndi kuwoloka nayo mtsinje akuimba, pafunika maloya angati. Anaseka, nati tidzaiona nkhani ya mpanda akamaliza mayeso, chifukwa milandu ya malo imakalambira kukhoti. Apo ndinadziwa kuti ukapitiriza sukulu kwambiri umafika podziwa zinthu zakuya zimene palibe wapakhomo angakufunse.

Komanso ndinayamba kumuyang'anitsitsa. Munthu saphunzira kusenda mbuzi asanaione mbuziyo. Nanga mtsikana wobadwira m'tauni, woti khasu analigwirako pa chithunzi chokha, za migodi wazifuniranji?

Sukulu yakeyo inali ya pa kompyuta. Aphunzitsi ake anali kunja kwa dziko, ankalankhula naye Loweruka masana kudzera pa laputopu. M'nyumba mwanga netiweki siilowa, imaopa malata. Malo okhawo amene inkagwira anali pansi pa mtengo wa mapeyala, pafupi ndi nkhadze. Choncho Loweruka lililonse mdzukulu wanga ankazungulira mtengowo atanyamula foni, kuikweza, kuitsitsa, kuima, kubwerera m'mbuyo, mpaka apeze pamene yagwira. Akapeza ankaikapo mpando, kuvala timawaya m'makutu ndi kuyamba Chingerezi. Pofuna kuti asamavutike sabata yotsatira, anaikapo njerwa ngati chizindikiro.

Njerwa imeneyo ndi imene inapsereza Chibavi. Aneba anali kuonera zonse pampata wa nkhadze, ndipo anaganiza zomwe ndinaganiza ine, kungoti iwo anakaziganizira pampopi pamene amayi amatunga madzi. Sabata isanathe, aliyense ankadziwa kuti agogo a kummwera aja akhalira miyala yamtengo wapatali, kuti mdzukulu wawo amaipima ndi foni, ndipo azungu amamuuza pokumba. Msuweni wa malemu amuna anga, amene ndinamuona komaliza pamaliro, anafika pa njinga yamoto atanyamula buledi. Anandifunsa za mawondo anga, koma maso ali pansi, akupondaponda bwalo ndi chidendene. Buledi ndinalandira, tiyi sindinamuphikire.

Kenako aneba analengeza kuti nkhadze yawatopetsa, akufuna kumanga mpanda wa njerwa. Anakoka chingwe cha maziko, ndipo chingwecho sichinadutse pamene panali nkhadze ayi. Chinalowa kwanga, n'kuzungulira mtengo wa mapeyala ndi njerwa ija, zonse n'kukhala mbali yawo.

"Adada, mtengowu mwautenga?"

"Ayi amama, tikungowongola malire. Akale ankakhota."

Anayamba kukumba okha, osafuna waganyu, munthu woti nthawi zonse amadandaula msana. Maziko a mpanda ndimawadziwa, safika m'mawondo. Awa anafika m'chiuno n'kupitirira. Dothi lililonse ankalisefa ndi sefa ya mchenga, timiyala n'kutitsuka m'beseni, n'kumatiyang'anira kudzuwa diso limodzi atatsinzina. Dothi lofiira la kuno lili ndi tinthu tonyezimira, ana amasewera nato, koma iwo ankatikulunga m'kansalu. Ine chimene chinkandiwawa chinali mizu. Khasu linali litayamba kuidula, yoyera ngati mafupa, ndipo ndinkadziwa kuti akafika pa muzu waukulu mtengo wa amuna anga wapita. Ndinauza mdzukulu wanga. Anati akudziwa, koma ali ndi ntchito yoti akalankhule pamaso pa aphunzitsi ake, ndimupatse masiku ochepa. Mizu siidziwa za mayeso.

Loweruka lotsatira anatuluka ndi laputopu yake, n'kupeza pamalo pa mpando wake pali dzenje, m'dzenjemo muli aneba. Amayi obwera kumpopi anali ataima kumsewu ndi zidebe pamutu, ngati akupuma. Ine ndinakhala pakhonde la kuseri ndikusankha nyemba zimene ndinali nditasankha kale.

"Pepani adada," anatero mdzukulu wanga, "mungasiyeko kaye kukumba? Kalasi yanga ikuyamba."

Aneba anatsamira khasu, napukuta thukuta, nalankhula motsitsa mawu, koma makutu anga pa nkhani zotere sakalamba.

"Mwana wanga, inu mwaphunzira chomene. Tingoyerekeza. Munthu wapeza timiyala pamalo pake. Tingoyerekeza chabe. Zimayenda bwanji?"

Nkhope ya mdzukulu wanga inawala. Chiyambire sukulu imeneyi, palibe munthu ku Chibavi anali atamufunsapo funso la m'kanjira kake. Onse ankabwera ndi za mabanja, za lendi, za mbuzi yodya chimanga, iye n'kumawabweza. Anatseka laputopu, nakhala pamulu wa dothi, nayamba.

Anati choyamba, zonse za pansi pa nthaka si za mwini malo, ndi za dziko. Chachiwiri, kukumba miyala popanda chiphaso ndi mlandu. Aneba anayang'ana beseni lawo. Anapitiriza kuti ngati miyalayo ilidi yambiri, boma lingathe kupereka chiphaso kwa kampani, ndipo anthu okhala pamwamba pake amasamutsidwa. Za chipukuta misozi anafotokozanso, ndi mmene chimachedwera m'mayiko osiyanasiyana, chifukwa nkhani imene ankalembera aphunzitsi ake inali yomweyo. Anatchula mayiko ambiri. Amayi a kumsewu anatsitsa zidebe.

"Ndiye akabwera a bomawo," anafunsa aneba, "amayambira kwa ndani?"

"Kwa mwini malo amene pakumbidwapo. Kodi pano ndi pa ndani, adada?"

Aneba anatuluka m'dzenje mofulumira kuposa mmene msana wawo umalolera.

"Pano? Pano ndi pa agogo anu. Kuyambira kale. Mtengowu anabzala ndi malemu, ine ndinalipo, ndinawabwereka ndowa yothirira."

Ndinaika lichero pansi.

"Adada, bwerezani. Makutu angawa ndi okalamba, ndipo amayi ali kumsewuwo sanamve bwino."

Anabwereza mokweza, nawonjezera kuti dzenjelo ankangondithandiza kufewetsa dothi kuti mtengo upume. Mayi wina anafunsa ngati angabwerenso kudzafewetsa kwawo. Pofika madzulo dzenje linali litakwiriridwa, timiyala ta m'kansalu tabwerera kumene tinachokera, ndipo chingwe chasowa. Mvula yotsatira itagwa, nkhadze inanyamuka ulendo wobwerera. Inafika pamalire akale n'kupitirira, mpaka kundisiyira mzere wa nthochi zawo.

Ndinawaitana aneba kuti aibweze pamene inali amuna anga ali moyo, osapitirira ngakhale phazi. Anadabwa, nati ndi mphatso. Ndinakana. Malo aulere amakhala ndi mwini wake amene sanafike, ndipo sindikufuna kuti tsiku lina ana awo adzanene kuti nkhadze ya agogo aja inkayenda.

Mdzukulu wanga anamaliza digiri yake. Ndinamufunsapo ngati funso lija, lakuti pano ndi pa ndani, analikonzeratu. Anati ayi, ankangofuna kudziwa kuti afotokoze bwino lamulo. Anayankha akundiyang'ana m'maso, mosaphethira, monga maloya amaphunzitsidwira. Sindinamukhulupirire, koma mapeyala oyamba a chaka chimenecho ndinamusungira iye. Mtengowo unadwala mbali imene mizu inadulidwa, nthambi zina zinauma, koma ukubereka. Njerwa ija ndinaichotsa ndekha, ndipo msuweni wa amuna anga sanabwerenso kudzafunsa za mawondo anga.